Ntchito yathu ndi mahatchi osiya mpikisano

Ine ndi mchemwali wanga timalandira mahatchi amene asiya kuthamanga mipikisano, timawaphunzitsa ntchito ina, kenako timawapezera eni atsopano. Tinayamba ndi khola lobwereka la zipinda zochepa. Ndisanayambe izi ndinkasamalira mahatchi m'makola a mpikisano, ndipo chinkandiwawa n'chakuti hatchi ikangosiya kubweretsa ndalama, ochepa okha ankafunsa kumene yalowera.

Makasitomala ambiri akamva kuti hatchi inapuma amayesa nkhalamba. Ayi ndithu. Hatchi ya mtundu wa Thoroughbred, umene amaweta kuti uzithamanga mipikisano, imayamba mpikisano ili ndi zaka 2 kapena 3, ndipo ambiri amasiya asanakwane zaka 7, chikhalirecho hatchi imatha kukhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30. Odumpha zotchinga ndiwo amakhalitsako mu mpikisano: hatchi yotchedwa Red Rum inapambana Grand National, mpikisano wotchuka wodumpha zotchinga wa ku England, kachitatu mu 1977 ili ndi zaka 12.

Akatswiri enieni amapumitsidwa msanga chifukwa mbewu yawo ndi yodula kuposa mphoto. Hatchi yotchuka ya ku America, Secretariat, inasiya mu 1973 ili ndi zaka 3 zokha. Ya ku Britain, Frankel, inasiya mu 2012 itapambana mipikisano yake yonse 14. Oterowo safika pakhomo pathu. Ife timalandira mifule, yomwe singabereke, ndi mahatchi aakazi opanda mbiri yokopa oweta. Ena mtsempha wa kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo unawatupa, ndipo ukangowonongeka sulimbanso ngati kale pa liwiro lalikulu. Ena amatuluka magazi m'mapapo akathamanga kwambiri. Koma ambiri alibe vuto lililonse, ndi ochedwa basi. Mwini wake amaona kuti akulipira mphunzitsi, chakudya ndi dokotala wa ziweto mwezi ndi mwezi pa hatchi yomaliza kumbuyo, n'kunena kuti zakwana.

Hatchi ikafika sitiikwera. Timaisiya miyezi ingapo kuti thupi ndi mtima zitsike, ndipo apa m'pamene bizinesi yathu imatuluka thukuta, chifukwa imadya tsiku lililonse osalowetsa kanthu. Inazolowera kukhala m'chipinda pafupifupi tsiku lonse ikudya chakudya champhamvu, moti zilonda zam'mimba n'zofala kwambiri. Timaichepetsera chakudyacho pang'onopang'ono, kuionjezera udzu, kuizoloweretsa kukhala pabwalo ndi anzake. Ina inaima pachipata masiku oyamba ikungonjenjemera, osadziwa chochita ndi bwalo lotseguka. Tinaiika pafupi ndi hatchi yathu yokalamba yofatsa, ndipo tsiku lina m'mawa tinaipeza itagona chammbali padzuwa, matope thupi lonse. Hatchi sigona choncho pamalo pamene ikuopa.

Kuphunzitsa kumabwera pambuyo. Hatchi ya mpikisano sidziwa kuima kuti munthu akwere, poti wokwera wake amamunyamulira pamsana iyo ikuyenda. Choopsa kwambiri ndi zingwe: mukazikoka mwamphamvu, iyo imatsamira pa chitsulo cha m'kamwa n'kuwonjezera liwiro, chifukwa ndi mmene inkathamangira. Wokwera watsopano akachita mantha n'kukoka, amakhala akuiuza kuti thamanga. Zimenezi timazichotsa mofatsa, osati ndi chikwapu. Mahatchiwa ndi anzeru, anazolowera magalimoto, phokoso ndi khamu la anthu, ndipo amakonda ntchito. Ambiri amasanduka abwino podumpha, pa polo (masewera omenya mpira ndi ndodo uli pa hatchi), kapena pongoyenda nawo mtunda.

Ndalama zathu zimachokera pa kugulitsa amene takonza, pa eni ena amene amatilipira kuti tisunge hatchi zawo mpaka zitapeza malo, ndi pa maphunziro okwera. Phindu lake n'lochepa, ndipo mwezi umene dokotala wabwera kawirikawiri timangobweza zolowa. Komabe ogula ena timawakana. Munthu amene wangoyamba kumene kukwera sitimupatsa hatchi yongochoka kumene mu mpikisano, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Yovulala mtsempha sitiigulitsa kwa wofuna kudumpha zotchinga zazitali, ndipo zolemba za dokotala timamuonetsa wogula aliyense asanafunse n'komwe.

Aliyense wogula amasaina kuti sadzaibwezera ku mpikisano, komanso kuti akadzalephera kuisamala adzaibweza kwa ife m'malo moigulitsa kwa munthu wosadziwika. Chifukwa cha lonjezo limeneli chipinda chimodzi m'khola mwathu chimakhala chopanda hatchi nthawi zonse, ngakhale pamene ofuna kutisungitsa mahatchi ali pamzere.