Ulendo wa kalabu yathu kwa alimi a sitiroberi ku phiri la Zomba

Amene munatsala ku Chigumula munaphonya zambiri. Tinanyamuka pa Limbe Loweruka m'mamawa, kudutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe nyimbo zili pakamwa. Mavuto anayamba pokwera phiri. Minibasi inatentha injini pakhona, nthunzi ili tolotolo. Abambo anatsika kukatunga madzi pakamtsinje, amayi n'kumaika miyala kumatayala. A Msungichuma anatsitsa poto wa mpunga n'kumukhazika pamwala, ati galimoto ipepukidwe. Kungocheuka, nyani wamkulu wavundukula kale! Amayi a Tcheya anamuthamangitsa ndi chitenje, mpango uli m'manja. Mpunga unapulumuka, koma phava lonse la nthochi linalowa m'tchire. Ndiye mukamva tikuwaitana a Msungichuma kuti "alamu a nyani", gwero lake ndi limeneli.

Pamunda, gogo amene anatilandira anafukula udzu wophimbira bedi n'kutapa dothi kudzanja. Linali lakuda, lofewa, nyongolotsi zikuphiriphitha, timizere toyera tikuoneka m'zinyalala zowola. Mlangizi anafotokoza kuti m'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawoletsa manyowa, komanso kabowa kena kokhala m'mizu kothandiza mbewu kuyamwa chakudya cha m'nthaka chotchedwa fosifolasi. Anatinso feteleza wa yureya ali ndi nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa masamba, 46 peresenti. Akachuluka chaka ndi chaka dothi limasasa, zamoyozi zimachepa, ndipo mizu ya sitiroberi, poti ndi yosazama, imapsa msanga.

Apa ndi pamene mkangano unabuka. Achimwene athu a ku Bangwe anakana kwamtuwagalu: "Ine yureya ndiye amandibiriwitsira masamba!" Gogo anangowafunsa kuti, "Nanga kumsika mumagulitsa masamba?" Kenaka anawathyolera chipatso chimodzi chofiira psuu. Anatafuna, n'kupempha china. Ine ndili kumbali ya gogo. Feteleza sanamutaye ayi, amathira pang'ono pomusakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa, n'kumanga m'thumba masiku 21, manyowa a Mbeya aja.

Zikomo adalaivala posatitaya mtima, amayi a Mlembi chifukwa cha nkhuku yalokolo ija, ndi gogo potipatsa mbande. Lachitatu tikumana kudimba la a Tcheya. Aliyense abwere ndi ndowa ya madeya ndi phulusa losefa, ndipo achimwene a ku Bangwe alonjeza kubweretsa zitosi za nkhuku.