Lachitatu: ndinapita ku Rievaulx kukaona kumene dzina la Revis linachokera

Lero linali tsiku langa lopuma. Ndikanatha kugona mpaka dzuwa litafika pamutu, koma 6 koloko ndinali nditadzuka kale ngati ndili pa shifiti, ndipo mwini mlandu ndi agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito. Dzina lawo sinditchula. Ndi bambo amene anapitirira zaka 80, miyendo inawakana koma mutu uli gwa, ndipo chipumireni pa ntchito nthawi yawo yonse inathera pa kufufuza mibadwo ya makolo. M'chipinda mwawo muli mafayilo ambiri kuposa zovala.

Sabata yatha ndikuwaveka masokosi, anawerenga baji yanga n'kufunsa kuti Phiri amatanthauza chiyani. Nditawafotokozera anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mukanabadwira kuno mukanakhala a Hill." Kenako anandifunsa ngati ndinamvapo dzina loti Revis. Ndinati ayi, agogo. Anati n'zosadabwitsa, ngakhale Angerezi ambiri sanalimvepo, koma ndikafuna kuona kumene linachokera ndikwere basi ya ku Helmsley, ndipo ndikakafika ndikakumbukire kuti ena mwa eni dzinali ndi abale anga. Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba. Sizinali nthabwala.

Basi yochokera ku York, mzinda wa kumpoto kwa England, inandisiya pamsika wa Helmsley cha m'ma 10. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi, potsata njira ya Cleveland Way, mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Mvula inali itagwa usiku, ndipo ine ndi nzeru zanga ndinavala nsapato zoyera zija ndinagula mwezi watha. Pofika m'kankhalango ka pakati pa njira zinali zitasanduka zofiirira, ndipo ndinaterereka kamodzi n'kukhala pansi bwinobwino, nkhosa zikundiyang'ana. Azungu awiri okalamba anandipitirira ndi ndodo zawo zoyendera, akundipatsa moni ngati palibe chachitika.

Ukamatsika, bwinja la Rievaulx limangotulukira mwadzidzidzi pansi pa chigwa. Makoma a tchalitchi aatali ngati nyumba ya nsanjika zingapo, mazenera opanda magalasi, denga palibe, pansi pali kapinga wometa bwino. Ndinaima kaye osalankhula. Rievaulx inali nyumba ya amonke a gulu la Cistercian, ndipo inayamba mu 1132 pamene amonke ochokera ku Clairvaux, ku France, anapatsidwa malo ndi mwini dera, Walter Espec. Dzina la malowa ndi la Chifalansa cha nthawi imeneyo, ndipo limangotanthauza chigwa cha mtsinje wa Rye. Mtsinjewo ulipo mpaka lero, waung'ono ndithu, ndipo amonke anaupatutsa kuti apeze malo omangapo. Chigwacho n'chopapatiza moti tchalitchi sichinaloze kum'mawa monga mwa mwambo wa matchalitchi akale. Chinagona chakumpoto ndi kumwera.

Tsono nkhani ya dzina. Alendo ngati ine timati "Rivo", mmenenso amatchulira pa wailesi. Koma anthu akale a m'derali ankati "Rivas" kapena "Rivis", ndipo agogo aja amatchulabe choncho. Kuchokera pa katchulidwe ka kumudzi kameneka ndi pamene panatuluka mayina a banja awiri, Rivis ndi Revis. Mlembi wa kutchalitchi ankalemba zimene khutu lake lamva, ndipo makolo obatizitsa mwana nthawi zambiri sankadziwa kuwerenga kuti amukonze. Zomwezi ndi zimene zinachitikira mayina athu m'maofesi a atsamunda ndi kumigodi ya ku Joni.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti munthu satchedwa ndi dzina la mudzi akadali m'mudzimo. Ku Rievaulx aliyense anali wa ku Rievaulx, ndiye dzinalo silikanasiyanitsa munthu. Limayamba kugwira ntchito munthu akasamuka, anthu a kumene wapitako n'kumati "John uja wa ku Rivis". Choncho dzina la malo ndi dzina la mlendo. Ndipo sanali mmonke amene analisiyira ana, chifukwa amonke sankakwatira. Anali wantchito, mbusa wa nkhosa kapena mlimi wa pa minda ya amonkewo. Antchito analipo ambiri: m'nthawi ya Aelred, amene anatsogolera nyumbayi kuyambira 1147 mpaka 1167, munali amonke pafupifupi 140 ndi abale ogwira ntchito zamanja pafupifupi 500, ndipo chuma chawo chinali ubweya wa nkhosa umene ankagulitsa mpaka kwa amalonda a ku Flanders ndi ku Italy. Inali nthawi yomweyonso imene mayina a banja ankazika mizu ku England. Mwambowu unabwera ndi anthu a ku Normandy atalanda dzikoli mu 1066, unayambira kwa eni malo, ndipo pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri wamba anali ndi dzina losiyirana kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana.

Ndinadya nkhomaliro yanga nditakhala pa mwala, mpunga ndi nyemba za dzulo, kwinaku ndikuwerenga mapepala amene agogo anandibwereka. Apa m'pamene pali nkhani yeniyeni.

Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Leicester, Turi King ndi Mark Jobling ndi anzawo, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wina. Ankafufuza mgwirizano wa pakati pa mayina a banja ndi Y chromosome, kachigawo ka DNA kamene mwamuna amalandira kwa bambo ake okha n'kupatsira ana ake aamuna okha, kosasintha kwenikweni pa mibadwo yambiri. Ku England dzina limayenda njira yomweyo, ndiye ziwirizi zimayenera kuyendera limodzi. Mwa amuna 421 amene anawayeza, onse odzitcha a ku Britain, mmodzi anapezeka ndi mtundu wa Y wotchedwa A1. Mtundu umenewu ndi nthambi yakale kwambiri pa mtengo wa mibadwo ya amuna, ndi wosowa, ndipo kwawo ndi kumadzulo kwa Africa: umapezeka mwa anthu ena a ku Guinea-Bissau, Gambia, Senegal ndi Mali, komanso pang'ono ku Morocco. Bamboyo anali mzungu monga azungu onse, wosadziwa kalikonse za kholo la ku Africa.

Akatswiriwo anafunafuna amuna ena a dzina lomwelo. Anayeza 18, ndipo 7 anapezeka ndi A1 yemweyo. M'lipoti lawo dzinalo analibisa, anangolemba chilembo R ndi kunena kuti ndi dzina losowa la kum'mawa kwa Yorkshire, chigawo momwe muli York ndi Rievaulx. Manyuzipepala ndi amene anadzaulula kuti ndi Revis. Ofufuza mibadwo atatsata makaundula anapeza kuti amuna 7 aja akuchokera m'mabanja awiri, onse a ku Yorkshire, ndipo mapepala anawafikitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 n'kuthera pomwepo, mabanja awiriwo asanakumane. DNA ikuti kholo lawo ndi limodzi, koma pepala lolemba dzina lake palibe.

Ndinatseka fayilo n'kuyang'ana makoma aja. Dzina likuloza chigwa chino, makilomita 5 kuchokera pamene ndinatsikira basi. Magazi akuloza kutsidya kwa Sahara. Penapake pakati pa ziwirizi pali mwamuna mmodzi amene anafika pa chilumba chino, anabereka mwana wamwamuna, ndipo mwanayo kapena mdzukulu wake wakutali anadzatchedwa Revis.

Anafika liti? Akatswiriwo anasiya njira zingapo zotseguka, ndipo zonse n'zotheka. Aroma anali ndi asilikali ochokera kumpoto kwa Africa pa khoma la Hadrian, limene anamanga kumpoto kwa England akulamulira dzikoli. Gulu lina la Amoor linkakhala pa linga la Aballava, kumene lero kuli mudzi wa Burgh by Sands. Mfumu ya Aroma Septimius Severus, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya la lero, anafera mu York momwe muno mu 211. Patapita zaka zambiri, kunyumba ya mafumu Henry VII ndi Henry VIII kunali woimba lipenga wakuda, John Blanke, amene chithunzi chake chili pa mpukutu wa mpikisano wa ku Westminster wa 1511. Ndiye pali nthawi ya malonda a akapolo, pamene anthu a kumadzulo kwa Africa anabwera ku England masauzande, ena ngati antchito a m'nyumba za olemera, ena ngati amalinyero. Ine mtima wanga ukutsamira ku njira yomalizayi, chifukwa A1 ndi wa kugombe komwe zombo zija zinkanyamulako anthu, ndipo n'zosavuta kuganizira mtsikana wa kwa Revis atabereka mwana kunja kwa ukwati, mwanayo n'kutenga dzina la amayi ake monga zinkachitikira. Koma awa ndi maganizo anga chabe, a munthu wosamalira nkhalamba amene wakhala pa mwala ndi nsapato zamatope.

Osaiwalanso amuna 11 otsala aja, amene ndi a Revis koma alibe A1. Dzina limodzi silitanthauza kholo limodzi. Mwina anthu angapo anachoka m'chigwachi nthawi zosiyana, aliyense n'kupatsidwa dzina lomwelo kumene anakafikira. Mwina pena panali mwana wolera, pena mwana wa bambo wina amene mudzi unasunga chinsinsi. Komabe dzina likakhala losowa, mwayi woti eni ake ndi pachibale umakula. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa, wa mu 2009, anayeza amuna 1,678 a mayina 40. Mwa a Smith sanapeze chibale chooneka, chifukwa mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo wake. Koma mwa a Attenborough, dzina la mudzi wa ku Nottinghamshire, amuna 87 pa 100 alionse anali a mzere umodzi.

Za kufalikira kwa mayinawa agogo anandionetsa pa mapu awo, opangidwa kuchokera pa kalembera wa 1881. Chodabwitsa n'chakuti patatha zaka mazana asanu, mayina ambiri osowa anali akadali pafupi ndi kumene anabadwira. Murgatroyd anaunjikana cha ku Halifax. Mayina oyamba ndi Tre, Pol ndi Pen ali ku Cornwall. Anthu ankasamuka, inde, koma pang'onopang'ono: kukagwira ntchito pa famu ya mudzi wachitatu, kukakwatira ku tauni ya msika. Revis anayenda momwemo, kuchoka m'chigwa cha Rye kulowera kum'mawa kwa Yorkshire. Sitima zapamtunda, mafakitale ndi zombo ndi zimene zinadzamwaza mayina kutali.

Ndisanachoke ndinalowa m'kanyumba kosungira zakale. Muli chibuma chachikulu cha mtovu chokhala ndi chidindo cha mfumu, chimene anasungunula kuchokera padenga pamene Henry VIII anatseka nyumbayi mu December 1538. Panthawiyo amonke anali atatsala ongopitirira pang'ono 20. Chaka chomwecho cha 1538 Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumu, analamula kuti tchalitchi chilichonse chizisunga kaundula wa maubatizo, maukwati ndi maliro. Ndiye kuti chaka chimene Rievaulx inasanduka bwinja ndi chomwenso anthu wamba otchedwa ndi dzina lake anayamba kulembedwa m'mabuku mwadongosolo. Ndinagula positikhadi imodzi ya agogo. Mtengo wake ndinauwerengera m'makwacha, chizolowezi chimene ndikuyenera kusiya.

Pobwerera m'basi ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Anali akusenda mtedza pakhonde. Ndinati, "Amayi, tandiuzani, agogo awo a agogo anga anali ndani?" Sanachedwe n'komwe. Anatchula amayi awo, amayi a amayi awo, mpaka azimayi asanu motsatizana, ndi mudzi umene aliyense anaikidwa, ndi atsibweni amene ankayang'anira mbumba pa nthawi iliyonse. Kenako ndinati, "Nanga amuna awo?" Anatchula awiri, n'kukhala chete. Wachitatu anati anali mkamwini wochokera chakumpoto, wamtali, wodziwa kusoka mphasa, koma dzina lake linapita ndi agogo. "Ukufuna ukachite nawo chiyani anthu ogona amenewa?" anandifunsa. Ndinati palibe, amayi, ndi nkhalamba ina ya kuno yandipatsa matenda ake. Anaseka, n'kundikumbutsa za ndalama ya feteleza.

Ndafika kunyumba mdima utagwa. Nsapato ndaziviika m'ndowa, sindikukhulupirira kuti ziyeranso. Mawa ndikuyamba 7 koloko, ndipo agogo ananena kuti ndikawauze ngati zenera lalikulu la kumapeto kwa tchalitchi likadali chilili, chifukwa iwo analiona komaliza akazi awo ali moyo.