Mmene ndimatchetchera kapinga ndi makina kuno ku Ulongwe

Mvula ikangoyamba kuno ku Angónia, cha kumapeto kwa Novembala kapena kulowa Disembala, kapinga amakula moti ukatchetcha Lolemba pofika Lolemba linalo wabwerera kale m'mawondo. Ine ndimagwira ntchito pamalo ena ake ogona alendo kuno ku Ulongwe, bwalo lake ndi lalikulu ndithu, pali mitengo ya mango isanu, kuseri kuli katsetse kotsikira kudimba, nde kale tinkatchetcha ndi zikwakwa anthu atatu masiku awiri athunthu msana kuchita kuuma. Chaka chatha abwana anakagula ku Tete makina otchetchera kapinga, aja oyenda okha iwe n'kumangowongolera pambuyo, injini yake ndi Honda GXV160, mpeni wake masentimita 53. Amene anandiphunzitsa ndi amalume anga, iwo anagwirapo ntchito yosamala kapinga ku Songo zaka zambiri asanabwerere kumudzi, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndaona anyamata angapo apatsidwa makina ngati amenewa popanda wowauza kanthu, amangouzidwa kuti koka chingwe uzipita.

Ntchito imayamba makina asanatuluke n'komwe m'sitolo. Ndimatenga chidebe n'kuyenda bwalo lonse wapansi, mzere ndi mzere, maso pansi, kutola chilichonse: miyala, mawaya, zitsekerero za mabotolo, mafupa amene agalu abweretsa usiku, ndipo nthawi ya mango nthangala zake zimangoti mbwee pansi pa mitengo, chidebe chimadzadza kawiri. Anthu amaona ngati ukutaya nthawi. Koma mpeni uja umazungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo ukawerengera ndi kutalika kwake ndiye kuti kunsonga kwake kukuthamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, chimene wamenya chimatuluka ngati chaponyedwa ndi legeni ya chiphona. Ndinaonapo nthangala ya mango itauluka n'kukamenya khoma la khitchini kuti thoo, pomwe mphindi zochepa zapitazo panali mwana wa akuphika atakhala akudya phala. Kuyambira tsiku limenelo ndikafuna kuliza makina ndimayamba ndapita kukhitchini, "Amayi, ndikuyamba, anawa alowe m'nyumba," ndipo nkhuku nazo timazitsekera.

Kenako kuvala. Majombo otseka, osati masilipasi kapena zija za mphira zotsegula kutsogolo, thalauza lalitali ngakhale kutenthe bwanji, magalasi a m'maso, ndi zotseka m'makutu. Zam'makutuzi poyamba ndinkazinyozera koma ukatchetcha maola atatu opanda kanthu, usiku ukagona m'makutu mumangolira kuti ziii mpaka m'mawa, ndipo amalume khutu lawo lakumanzere silimva bwino pano, amanena okha kuti ndi makina a ku Songo.

Makina ndimawaika pamalo athyathyathya, injini ili yozizira, n'kuyang'ana oyilo. Pa injini ya Honda imeneyi kandodo koyezera umakapukuta, n'kukalowetsa osakapota ayi, kungokagunditsa pakamwa basi, n'kukatulutsa kuona pomwe oyilo wafika. Ambiri amakapota mpaka pansi nde kamaonetsa ngati oyilo ndi wokwana pomwe ndi wochepa. Injini yonse imalowa malita 0.65 okha, osakwana n'komwe botolo limodzi, choncho kuchepa pang'ono ndi nkhani yaikulu, komanso kudzadzitsa n'kulakwanso, imayamba kufuka utsi woyera. Ife timathira oyilo wa mtundu wa 10W-30. Ndipo chonde, injini iyi ndi ya fo sitiroko, oyilo ali ndi malo ake petulo ali ndi malo ake, musasakanize ngati mmene amachitira ndi makina ochekera mitengo aja.

Petulo, kapena gazolina monga timanenera kuno, ndimakagula ku bomba, komwetsera mafuta galimoto, m'chigubu chake chake chotseka bwino. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndinasiya, nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala pansi ndipo kabureta wa makinawa timabowo take n'tating'ono kwambiri, kutseka sikuchedwa. Kuthira ndi panja, injini itazima komanso itazizira, wosuta fodya akhale kutali. Akathera pakati pa ntchito ndimazimitsa, ndimapita kukamwa madzi kaye mphindi zingapo, chifukwa sailensa imakhala yotentha moti dontho likagwerapo moto wake simungauzime ndi manja. Osadzadza mpaka pakamwa, ndipo akatayikira pang'ono pukutani, kankhani makina achoke pamalopo musanalize.

Fyuluta ya mpweya ndimaitsegula tsiku lililonse, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Chinkhupule chakunja ndimachapa ndi madzi a sopo chikada n'kuchiyanika chiume bwinobwino, ya pepala yamkati ndimangoigogoda pang'ono fumbi ligwe, imeneyo siichapidwa.

Tsopano kutalika kwa kadulidwe, pamawilo pali timaleva tokwezera ndi kutsitsira, ndipo amasinthidwa injini itazima, mawilo onse akhale mulingo umodzi. Lamulo limene amalume anandiuza n'lakuti usadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa kapinga pa ulendo umodzi. Abwana ambiri amafuna umete mpaka dothi lioneke kuti pachedwe kumera, koma zikatero kapinga amapsa, pamamera zisoso ndi udzu wina wachabe, ndipo mpeni umayamba kukhula dothi ndi timiyala ndi tizulu tachiswe. Akakula kwambiri ndimakweza makina pamwamba, kudutsa kamodzi, patapita masiku awiri kapena atatu ndibwerezenso nditatsitsa.

Kuliza kwake sikovuta: tsegulani kampopi ka petulo, leva ipite pa tchoko (chothandiza injini kulira msanga) ngati injini ndi yozizira, dzanja limodzi ligwire chitsulo chija chapachigwiriro chimene umachikanikiza, linalo likoke chingwe pang'onopang'ono mpaka mumve chalimba, kenako kokani mwamphamvu kamodzi, n'kuchibweza bwinobwino osachisiya chikadzimenye chokha. Mapazi kutali ndi m'mphepete mwa makina. Ikalira chotsani tchoko. Muzilizira panja pamalo opanda udzu wautali, osati m'sitolo motseka, utsi wake uli ndi mpweya woipa uja wosanunkha umene umaphanso anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi ya Juni.

Chitsulo chapachigwiriro chija ndifuna ndinenepo kwambiri. Ukachisiya injini imazima ndipo mpeni umaima m'masekondi ochepa, anachiika dala kuti ukaterereka kapena kugwa makina asapitirize kudula. Ndaona anthu akuchimanga ndi linya kapena mphira ya njinga ati dzanja limatopa, komanso kuti asamavutike kulizanso akafuna kuchotsa thumba la udzu. Ine zimenezo ndimakana, ngakhale mnzanga wa pantchito anandinena kuti ndimachedwetsa ntchito. Kukoka chingwe kachiwiri ndi masekondi asanu, phazi likalowa pansi apo ndi ulendo wa kuchipatala ndipo zala sizibwerera.

Potchetcha ndimadikira mame aume, cha m'ma 9 koloko kuno chifukwa kwathu kuno n'kozizira sikuli ngati ku Tete kapena ku Moatize kumene dzuwa likangotuluka zonse gwa. Kapinga wonyowa amaterera, amamatirira pansi pa makina, ndipo amadulika moipa. Ndimayenda kutsogolo basi, mizere yolowana pang'ono, mbali yotulukira udzu isaloze kumawindo, kugalimoto za alendo kapena kumene kuli anthu. Kukokera makina chambuyo ndimapewa kwambiri chifukwa ukapunthwa umawakokera pamapazi ako omwe. Pakatsetse kakuseri kaja ndimayenda chopingasa, uku ndi uku, osati kukwera ndi kutsika, ndipo chakumunsi kumene kwatsetsereka kwambiri pafupi ndi ngalande sindipitako n'komwe ndi makina, kumeneko chikwakwa chikadali ndi ntchito. Podutsa panjira ya miyala ndimazimitsa n'kukankha.

Ndiye tsiku limene ndinalakwitsa. Munali mu Januwale, kunkabwera alendo ambiri Loweruka, mvula inali itagwa masiku anayi osalekeza ndipo Lachisanu litangocha bwino ndinati lero zoyendayenda ndi chidebe ayi, bwaloli ndikulidziwa. Sindinadziwe kuti anyamata amene anamanga tenti sabata yapitayo anasiya chikhomo chachitsulo m'dothi, kapinga atachikwirira. Ndinangomva gwaa! makina n'kudumpha, chigwiriro kundimenya m'manja, injini zii. Mtima uli phaphapha ndinagwada pomwepo, kupendeketsa makina, dzanja likupita kale kumpeni kuti ndiuzungulitse ndione ngati wapindika. Mwamwayi amalume anali atabwera kudzatenga mbewu ya mbatatesi, anali chapafupi, anakuwa mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

"Iwe! Chotsa dzanja limenelo! Wazula vela?"

"Yazima kale amalume."

"Ndakufunsa kuti yazima? Ndati wazula vela?"

Anabwera, anazula kapu ya pulagi ija, vela monga amanenera iwo, n'kuipinda kutali kuti isakhudze, kenako anandikhazika pansi. Anati mpeni uja wamangidwa pa shafiti ya injini yeniyeniyo, ukauzungulitsa ndi dzanja n'chimodzimodzi kukoka chingwe, ndipo injini yotentha ikhoza kugunda kamodzi kokha, kamodziko n'kokwana. Ananditchulira mnzawo wina amene ankagwira naye ntchito, anatsala ndi zala ziwiri kudzanja lamanja chifukwa chochotsa udzu wotsekera ndi manja. Sanandikalipirenso kupitirira apo, anangoti, "Mwana wa mlongo wanga, ndikakuuza chiyani mayi ako?" Mawu amenewo amandibwerera nthawi iliyonse ndikagwada pafupi ndi makinawa, ndipo pano dzanja limapita lokha ku pulagi ndisanaganize n'komwe. Udzu ukatsekera ndimachotsa ndi kamtengo, pulagi itazulidwa.

Zimene zinaonongeka: mpeni unapindika, ndipo kakiyi kakang'ono ka pa fulaiwilo (gudumu lolemera lozungulira pamwamba pa injini) kanadukanso, kamene anakapanga kofewa dala kuti kazithyoka ikoko m'malo mwa zinthu zodula. Kakathyoka moto wa pulagi umabwera nthawi yolakwika, injini imakana kulira kapena chingwe chimakubweza mwamphamvu m'manja. Shafiti inapulumuka, ikanapindika bwenzi tikunena zogula injini ina. Amakaniko wa njinga zamoto kumsika anatsegula n'kuona, koma mpeni woyenera kuno kunalibe, mpaka tinachita kutuma munthu wopita ku Tete, ndipo masabata atatu tinabwerera ku zikwakwa mvula ili pakati. Wina anati tiuwongole ndi hamala mpeni wopindikawo kapena tiwotcherere, amalume anakana, chitsulo chimene chapindika n'kuwongoledwa chimakhala ndi ming'alu yosaoneka ndipo chidutswa chikhoza kuthothoka chili pa liwiro lija.

Ndikamaliza ntchito ndimatseka kampopi ka petulo, kudikira azizire, kuzula pulagi, n'kupendeketsa makina mbali ya fyuluta ndi kabureta ili m'mwamba. Mukapendeketsa mbali inayo oyilo amalowa mu fyuluta, mawa lake utsi wokhawokha ndi kukana kulira. Ndimapala udzu womatirira pansi ndi kathabwa, chifukwa ukasiyidwa umaola n'kudya chitsulo ndi dzimbiri, ndimachotsanso udzu pa zipsepse za injini kuti mpweya uzidutsa. Madzi a paipi pa injini yotentha ayi.

Mpeni ndimanola pafupifupi masabata awiri alionse nthawi ya dzinja. Chizindikiro chake n'choonekeratu, nsonga za kapinga zimakhala zong'ambika n'kusanduka zofiirira m'malo modulika bwino. Ndimavala magolovesi, kutsekereza mpeni ndi chipika kuti usazungulire, kumasula, n'kunola ndi tupa motsata kupendekeka kwake komwe unabwera nako, osachita kuuthwetsa ngati lumo. Kenako ndimaukoleka pa msomali wa pakhoma kudzera pabowo lapakati, mbali imene yatsika ndiye yolemera, ndimaichotsako pang'ono mpaka uime molingana. Mpeni wolemera mbali imodzi umanjenjemeretsa makina onse, mabawuti amamasuka, manja amachita dzanzi. Pobwezera onetsetsani kuti mapiko ake aloza m'mwamba ku makina osati pansi, ndipo mangani kolimba.

Oyilo tinasintha mwezi woyamba usanathe makina ali atsopano, pano ndimasintha pa maola 50 alionse chifukwa kuno fumbi ndi lambiri, ndili ndi kakope kamene ndimalembamo maola tsiku lililonse. Ndimakhuthula injini ili yofunda kuti atuluke yense, ndipo wakudayo ndimasunga m'chigubu, osathira pansi pafupi ndi chitsime. Pulagi yake ndi NGK BPR5ES, mpata wake mamilimita 0.7 mpaka 0.8, ndimasunga ina yapadera m'sitolo pamodzi ndi chingwe chokokera chifukwa zimenezi zimatha tsiku limene ukuzifunitsitsa.

Mvula ikatha cha mu Epulo kapinga amayamba kuchedwa kukula, pofika Juni ndi Julayi kuzizira kwa kuno amangoima. Apo makina amakhala miyezi osagwira ntchito, ndipo petulo akakhalitsa mu kabureta amauma n'kusiya zomata zimene zimatseka timabowo tija. Nde ulendo womaliza ndimatsitsa petulo yense mu thanki, kuliza injini mpaka izime yokha, kusintha oyilo, kunola mpeni n'kuupaka kaoyilo pang'ono, thumba la udzu kulichapa n'kulipachika m'mwamba makoswe asalidye. Makinawo ndimawaika pa matabwa pakona youma, kutali ndi matumba a feteleza chifukwa amachititsa dzimbiri, n'kuwafunditsa chiguduli, kapu ya pulagi ili yozula mpaka Novembala.