Zikomo abambo a ku Chembe, mnzathu wafika kunyumba

Mnzathu uja watuluka m'chipatala, ndipo usiku wapitawu wadya nsima bwinobwino. Ambuye alemekezeke. Mnyamatayu anadwala mwadzidzidzi chifukwa cha kutentha Loweruka, tikuthamanga panjira ya ku Otter Point ku Cape Maclear. Ndingofuna ndithokoze ndisanagone, ngakhale mtima sunakhale pansi.

Ndiyambe ndi abambo a ku Chembe amene anatiperekeza. Dzina sindilemba, iwo eni sanafune. Anatiuziratu Lachisanu kuti mu Okutobala wothamanga ku Cape Maclear azinyamuka 5 koloko kukangocha, ikamakwana 8 akhale atabwerera. Nyengo ino mitengo yambiri ya m'paki ya Lake Malawi National Park yayoyola masamba, ngakhale milambe ilibe mthunzi, ndipo miyala ikuluikulu ya m'mapirimo imatentha ngati chiwaya. Ife tinanyamuka mochedwa ndi maola awiri ndi theka podikira amene analonjeza kubwera ndi galimoto ndi zigubu za madzi. Mpaka lero mafoni awo sakuyankhidwa. Mulungu awaone.

Abambowa ndi amene anazindikira vuto ife tisanaone kanthu. Anaona kuti mnyamatayo wasiya kuyankhula, akuyenda mopepesuka, kenako wasanza. Sanamulole kukhala padzuwa ngakhale mphindi imodzi. Anamugoneka pamthunzi wa thanthwe pafupi ndi madzi, namuvula malaya ndi nsapato, nanyowetsa chitenje m'nyanja n'kumamuika pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ena tikumukupiza. Wina atafuna kumuthira madzi m'kamwa anamuletsa mwamphamvu, chifukwa munthu amene mutu wasokonezeka amatsamwa ndipo madzi amalowa m'mapapo. Anadikira mpaka atatchula dzina lake ndi komwe ali, ndiye anayamba kumupatsa ORS, mankhwala obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, pang'onopang'ono, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Anali nayo m'thumba mwawo, ife othamanga ndi nsapato zodula tinalibe.

Anatiphunzitsanso kuti ORS ikasowa, mu lita imodzi muziika masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, n'chifukwa chake womwa madzi okhaokha minofu imamukokanabe.

Kumunyamula pamiyala ija kukanatitengera nthawi yaitali, mwinanso wina akanathyoka mwendo. Iwo anaitana asodzi amene ankadutsa ndi boti. Inu asodzi, munasiya ulendo wanu osafunsa za mafuta, zikomo kwambiri. Alonda a paki amene munatithandiza kuimba mafoni, anamwino amene munamulandira n'kumuika diripi mosachedwa, amayi amene munatiphikira tiyi tikulira panja, Mulungu akudalitseni nonse.

Amene munalowa m'madzi osaya pokweza ndi potsitsa wodwala, musaiwale za likodzo. Nkhono zofalitsa matendawa zimapezeka m'mbali mwa gombe la Chembe. Kumwa praziquantel, mankhwala a likodzo, mawa n'kutaya mankhwala, chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani milungu 6 mpaka 8, mupite kuchipatala akakuyezeni sikelo, popeza mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu. Mukaona magazi mumkodzo musadikire.

Pena wina alemba kuti tisadzathamangenso kumeneko. Ine sindikuvomereza. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, zomwe umaziona ndi maso utaima pamwala ku Otter Point. Njirayo si imene inalakwa, tinalakwitsa nthawi ndi madzi. Ulendo wina aliyense anyamule yekha malita awiri, mapaketi awiri a ORS ndi chipewa. Nthochi zikhale m'chikwama chotseka, osati m'jumbo, poti anyani amalanda. Mchenga ukalowa m'nsapato imani muukhuthule, apo ayi matuza akupezani musanafike pa manda a amishonale aja amene mishoni yawo inayamba kumeneko mu 1875.

Abambo, munathamanga nafe mtunda wonse mutavala masilipasi, ndipo ndalama yomwe tinakupatsani munabweza ina kuti tikagulire wodwala zakumwa. Mayi ake a mnyamatayu akuti abwera okha kudzakuthokozani. Tibwera nawo mwezi wamawa, ndipo nsapato zija sitinaiwale, munati nambala 8.