Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Lamba Woyera ku Ndata

Ndabweranso, abale anga. Pepani kuti ndinakusiyani m'malere milungu itatu. Ntchito inandipanikiza, komanso gawo lapita lija linandifoola. Kulemba za tsiku limene abambo aang'ono anasasula malata panyumba pathu, nkhata za pamanda a bambo zisanafote n'komwe, inali ntchito yowawa. Zikomo nonse amene munandipepesa. Amayi a ku Luchenza amene munati nanunso zinakuonekerani zomwezi, uthenga wanu ndawerenga katatu ndipo ndikuyankhani kumbali. Koma inu achimwene amene munalemba kuti za m'banja saziyanika pabwalo, ndakumvani. Malata aja anawanyamula dzuwa likuswa mtengo, n'kudutsa nawo pa Chitakale aliyense akuona. Woyamba kuyanika sindine.

Ambiri mwakhala mukufunsa za chithunzi chija ndavala zoyera, lamba m'chiuno, nkhope ili gwaa ngati msilikali. Lero ndi tsiku lake.

Za ku sekondale ndinakamba kale. MSCE ndinakhoza, Covid inatseketsa masukulu mu Malichi 2020, ndinakhala pamsewu kugulitsa nanazi ndi mapeyala, kenako dzina langa linatuluka: yunivesite ya MUST, ku Ndata, m'boma la Thyolo. Sukuluyi inayamba kulandira ophunzira mu 2014, pamalo omwe anali munda wa malemu Bingu wa Mutharika, ndipo manda awo, Mpumulo wa Bata, ali konko. Kwa mwana amene anakulira m'nyumba yofolera udzu ndi mapepala apulasitiki malata atapita, nyumba zosanjikizana zija zinkandiopsa. Mlungu woyamba ndinkayenda mokhulana ndi makoma kuti munthu asandione.

Tsiku lina m'bandakucha, chiperoni chitakuta dera lonse, ndinatuluka kukayanika zovala ngakhale ndinkadziwa kuti siziuma. Ndinamva anthu akuwerenga m'chinenero chachilendo: "Ichi! Ni! San! Shi!" Nditasuzumira ndinaona ophunzira khumi ndi awiri mwina, opanda nsapato paudzu wonyowa, akuponya nkhonya m'malere onse pamodzi. Atatu okha ndiwo anali ndi zovala zoyera zija, enawo anali m'makabudula ndi majezi a mpira. Mtsikana analipo mmodzi.

Karate ine ndinkaidziwira m'mavidiyo a pa Chinakanaka, kusuzumira pabowo la mpanda pakuti mwana wamkazi kulowa m'menemo kunali kudziitanira chikwapu. Mmene munthu mmodzi ankagwetsera anthu makumi awiri! Nditaima pamenepo ndi beseni m'manja, m'mutu mwanga munabwera nkhope imodzi yokha, ndipo mukuidziwa.

Amene ankatsogolera anali mnyamata wa chaka chachinayi, wochepa thupi, wamagalasi, woti mutakumana naye pamsika wa Goliati mukhoza kumutuma kuti akunyamulireni tomato. Onse ankamutchula kuti Sensei, ndiye kuti mphunzitsi m'Chijapani. Atandiona tsiku lachitatu ndili pomwepo anati, "Achemwali, beseni limenelo silikulemera? Bwerani." Anandifunsa chomwe ndikufuna. Ndinati kulimbitsa thupi. Linali bodza. Ndinkafuna kugulula mano a mng'ono wa bambo anga, limodzilimodzi, ndipo sindikupepesa polemba zimenezi. Amene sanaonepo mayi ake akukhetsa misozi mumvula, akutchinga ufa ndi chitenje chawo, asandiweruze.

Ndinabwera m'mawa mwake nditavala buluku la mnzanga wa ku Rumphi uja, chitenje pamwamba. Sensei anati chitenjecho chindikola miyendo. Ndinachivula ndikumva ngati mudzi wonse wa kwathu ukundiyang'ana. Musaseke, a m'tauni. Mayi anga anakula nthawi ya Kamuzu, pamene mkazi kuvala buluku unali mlandu, ndipo ngakhale lamulolo linatha mu 1993, m'nyumba mwathu linali lidakalipo.

Za kugulula mano sitinafikeko. Choyamba anandiphunzitsa kuwerama popereka ulemu. Chachiwiri kuima: mwendo wakutsogolo wopinda, wakumbuyo wowongoka, msana chilili. Amati zenkutsu dachi. Ndinkadziyesa wamphamvu, ine wosenza mitolo ya nkhuni kuchokera m'munsi mwa phiri, koma patangotha mphindi zitatu ntchafu zinayamba kunjenjemera ngati za mbuzi yongobadwa kumene. Chachitatu kutchinga: dzanja lichoke pakhutu litsike kukaphimba kumunsi, gedan barai. Akati kumanzere ine ndinkatembenukira kumanja n'kupezeka ndayang'anizana ndi mzere wonse. Madzulo ake kukwera masitepe kupita kuchipinda kunali kokwawa.

Nditadandaula kuti mlungu wonse ndikungotchinga mphepo, Sensei anatikhazika pansi n'kutifotokozera. Karate yomwe tinkachita ndi ya mtundu wa Shotokan, ya mkulu wina wa pachilumba cha Okinawa, Gichin Funakoshi, amene anapita nayo ku Tokyo mu 1922. Kumeneko inafala kudzera mwa ophunzira a m'mayunivesite, kuyambira ku Keio mu 1924. Ndiye kuti anali anzathu ndithu, anthu a mayeso ndi njala. Dzina loti karate limatanthauza dzanja lopanda kanthu. Ndipo mkuluyo anasiya mawu akuti karate ni sente nashi, kutanthauza kuti wakarate sayamba ndiye kuponya nkhonya. Ndinangoti mumtima, nanga ngati winayo anayamba kale zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo?

Kenako tinayamba kata, womwe ndi mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima, kumenyana ndi adani osaoneka. Woyamba wanga unali Heian Shodan, wa mayendedwe 21, ndipo nawonso umayamba ndi kutchinga. Kuloweza sikunandivute, ndine mwana wa masamu. Chinandivuta chili pa sitepe ya 9 ndi ya 17. Pamenepo munthu amayenera kukuwa, mfuu imodzi yaifupi yochokera pansi pa mchombo. Amati kiai.

Pagulu ndinkangotsegula pakamwa anzanga n'kumakuwa. Ndinabera choncho milungu itatu. Tsiku lina Sensei anati aliyense achite payekha. Itafika nthawi yanga ndinayenda bwinobwino, kutchinga, kuponya, kutembenuka, mpaka kutchinga kwa m'mwamba kwachitatu kuja kwa pa 9. Pakamwa panatseguka. Sipanatuluke kanthu.

"Bwerezani."

Ndinabwereza. Kanatuluka kamawu ngati ka mwanapiye.

"Achemwali, kumudzi kwanu akumveni. Bwerezani."

Anyamata awiri kumbuyo anaseka, osati mwachipongwe, kuseka wamba. Koma ine sindinalinso pa Ndata. Ndinali pakhonde pathu, ndili ndi zaka 14, ndagwira mtondo. Misomali ikulira pozulidwa, lata lililonse likamatsika dzuwa n'kumalowa m'chipinda chomwe bambo anamwalilira. Mayi atakhala pansi miyendo ili tambalale, osalira mokweza, akungopukusa mutu. Anthu oyandikana nafe ataima patali manja kumbuyo. Abambo aang'ono akutulutsa njinga, akuyesa mabuleki ngati ali m'sitolo. Tsiku limenelo mawu anadzadza pakhosi panga mpaka kupweteka, koma ndinawameza, chifukwa mwana wamkazi woleredwa bwino sakweza mawu pamaso pa akulu. Ndinaganiza kuti ndikakuwa anena kuti mayi sanandilange. Mu gawo lapita ndinalemba kuti ndinangoima chifukwa ndinali mwana. Sindinanene zonse. Zaka zonsezi ndinkadzida chifukwa cha kukhala chete kumene kuja kuposa mmene ndinkawadera iwo.

Ndinawerama monga mwa lamulo, ndinatola chitenje changa, n'kupita kukadzitsekera kubafa. Ndinatsegula mpopi kuti kulira kwanga kusamveke. Onani, ngakhale kulira ndinkabisa.

Milungu iwiri sindinapiteko. Ndikamuona Sensei panjira ndinkakhota. Iye sanandilakwire, ndinene poyera, sankadziwa chomwe wakhudza. Amene anandikoka ndi mnzanga wa ku Rumphi yemwe uja, amene mwa inu ena munamutcha mlamu wanu mu ndemanga. Loweruka lina ananditengera kumapeto kwa bwalo kopanda anthu. Kunali kutayera, phiri la Mulanje likuoneka chapatali. Anandifunsa m'Chichewa chake chopotoka chija, "Iwe, kwanu anyani akalowa m'munda mumawanong'oneza?"

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ine amene kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinkalindira chimanga cha agogo m'mphepete mwa phiri, kukuwa mpaka matanthwe kuyankha, anyani n'kumwazika ana ali kumsana! Mawuwo ndinali nawo. Kungoti ndinaphunzitsidwa kuti ndi a anyani, osati a anthu. Ndinaimirira, ndinayang'ana kuphiri, ndinakuwa. Mbalame zinauluka mumtengo. Mlonda wina anatulukira akuthamanga, chibonga m'manja, kufunsa ngati kwagwa zoopsa.

Lolemba ndinabwerera. Sensei sanafunse kalikonse, anangoti ndiime pamzere. Pa 9 ndinakuwa mpaka iye anakonza magalasi ake.

Zotsatira zake zinayenda msanga. Ndinasunga ndalama ya chakudya chamasana mwezi wathunthu, telala wa pa Goliati n'kundisokera yunifolomu ya karate, amati gi, ya nsalu yoyera yopyapyala, yomwe inang'ambika pakati pa miyendo tsiku loyamba kuponya theche. Chala chachikulu chakuphazi ndinachibzungunyula ndekha pomenya thumba la mchenga. Anandiuza kakhumi kuti pa theche lakutsogolo, mae geri, zala uzipindire m'mwamba, umenye ndi kaphazi ka pansi pa zala, koma ndinkafuna kudzionetsa pamaso pa atsikana awiri atsopano. Mu Ogasiti 2021 karate inaseweredwa koyamba pa Olimpiki ku Tokyo, ndipo tinkatumizirana timavidiyo pa WhatsApp mpaka bandulo kutha. Ndinaona akazi akuchita kata, akukuwa dziko lonse likuwaonera, wina aliyense osawauza kuti achepetse mawu.

Mayi nditawaonetsa chithunzi patchuthi anachiyang'ana nthawi yaitali, zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi zitagwira foni m'mbalimbali ngati iwaotcha. Anati, "Mwana wanga, ndinakutumiza kukaphunzira kapena kukamenyana? Adzakukwatira ndani?" Inu amene mukudziwa za gawo 12 lomwe likubwera, khalani chete.

Patchuthi chomwecho tinapita limodzi kumsika pa Chitakale. Tikusankha bonya, ndinamva belu. Belu la njinga ya bambo ndikhoza kulizindikira pakati pa mabelu zana, linali ndi kamawu kosweka chifukwa ndinaligwetsapo ndili wamng'ono. Ndinatembenuka. Abambo aang'ono, atakalamba kuposa mmene ndinkawaonera m'maloto, tsitsi lambuu, akukankha njinga ija itamangidwa mtolo wa nzimbe. Chishalo chinali chomwe chija bambo anachimanga ndi waya wofiira.

Miyendo yanga inadziika yokha mmene Sensei anaiphunzitsira. Ndinaona pomwe pali chibwano, ndinaona kuti manja awo onse ali pa handulo. Miyezi yonse ija ndinkayembekeza mphindi imeneyi. Mayi anandigwira chitenje kumbuyo.

Ndinapinda mawondo pang'ono, manja pamodzi. "Mwaswera bwanji, bambo?"

Anayankha akuyang'ana kumbali, n'kuyamba kukankha njinga kuti adutse.

"Njinga imeneyi ndi ya bambo anga!"

Sindinadziwe kuti zituluka choncho. Msika unangoti zii. Amayi ogulitsa kalongonda anasiya kuyeza, akabaza anatembenuka onse. Ndinabwereza, pang'onopang'ono, kuti ndi ogontha omwe amve, ndipo ndinawonjezapo malata 18, wailesi ndi mbuzi ziwiri. Iwo anati, "Mwana iwe, sukulu yakupengetsa eti?" Koma mawu awo ndiwo anali a mwanapiye tsopano. Anakwera njinga mtolo uli pendapenda, nzimbe imodzi inagwa, sanaitole.

Njingayo sanabweze, musayembekeze zimenezo. Mpaka lero ili kwawo. Mayi sanandiyankhule njira yonse, ndipo ndinkadziwa kuti kunyumba kuli mlandu. Titadutsa minda ya tiyi, pokhotera kwathu, ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira. Anatula dengu pansi, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kuseka kukuwakanika kuletsa.

"Mbuzi zinali zitatu," anatero. "Ina anaitenga usiku."

Nzimbe ija anali ataitola ndi iwo. Tinadya tili pakhonde.