Mmene tinalandirira alendo ochokera ku Chipata ndi kupita nawo ku Cape Maclear mu Okutobala

Anzathu a ku Chipata atatiuza kuti akufuna kubwera ndi ana awo m'chilimwe kuti adzaone nyanja, chinthu choyamba chimene ine ndi mayi a kunyumba tinakambirana chinali tsiku. Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ndipo aliyense wokhala ku Lilongwe amadziwa kuti nthawi imeneyi anthu amakhamukira ku Salima ndi ku Mangochi, malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera. Tinawapempha kuti abwere sabata yotsatira, zomwe zinawakomeranso chifukwa pa 24 Okutobala kwawo ku Zambia amakhala pa tchuthi chokumbukira ufulu wodzilamulira.

Nkhani ya ndalama ndinaiyamba ndine pa foni, alendowo asananyamuke n'komwe. Ambirife timachita nayo manyazi nkhani imeneyi poopa kuoneka aumbombo, koma ine ndimaona kuti kuikamba msanga ndiye ulemu weniweni, chifukwa mlendo amadziwiratu zoti akonzekere. Ndinati, "Achimwene, kunyumba kuno chakudya ndi pogona ndi zathu, koma kunyanja banja lililonse lidzalipira chipinda chake ndi mafuta a galimoto yake." Iwo anavomera mosangalala, n'kuwonjezera kuti nsomba zonse za pa ulendowo adzagula ndi iwo.

Zitatha izi tinalowa m'zofunika pa chipata cha Mwami ndi Mchinji. Nzika za Zambia sizifunika viza polowa m'Malawi, komabe aliyense, ngakhale mwana wamng'ono, ayenera kukhala ndi chiphaso chake choyendera. Galimoto ndiyo imafuna mapepala ambiri: buku la umwini, chilolezo choilowetsa m'dziko muno kwa kanthawi chimene chimaperekedwa pachipata pomwepo, komanso inshuwalansi yogwira ntchito kuno. Anzathuwo anatengeratu kwawo Yellow Card ya COMESA, yomwe ndi inshuwalansi ya galimoto yogwira ntchito m'maiko angapo a m'chigawo chino, ndipo zimenezi zinawapeputsira ntchito. Ndinawakumbutsanso kuti ngakhale ndalama za maiko onse awiri zimatchedwa kwacha, ya kwawo sangagulire nayo kanthu kuno, choncho asinthe ku banki kapena kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata amene amathamangira galimoto iliyonse yofika pamalire. Kuchoka pachipatapo kufika mu Lilongwe ndi mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo anafika dzuwa lisanalowe monga tinapanganirana.

Kukonza nyumba sikunatitengere nzeru zambiri. Makolowo tinawapatsa chipinda cha ana athu, atsikana onse anagona chipinda chimodzi, ndipo anyamata tinawayalira matiresi pabalaza. Chimene sitinachinyozere ndi masikito, pogona paliponse panali yakeyake, komanso tinatungiratu madzi m'zigubu ndi kugula thumba la makala kuti magetsi akazima nsima isalephereke.

Galimoto yanga ndinapita nayo kwa makaniko kutatsala masiku angapo, ndipo ndinamuuza kuti ayang'ane makamaka mabuleki, matayala ndi madzi oziziritsa injini, popeza kutentha kwa Okutobala kumaulula chilema chilichonse chimene galimoto yakhala ikubisa. Ndinaonetsetsa kuti COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi sizinathe, ndiponso kuti tayala lapadera, jeki, sipanala, matrayango awiri ndi chozimitsira moto zili m'buti, chifukwa apolisi apamsewu akhoza kufunsa zimenezi pa rodibuloko iliyonse. Mafuta tinadzaziratu galimoto zonse ziwiri usiku wake. Amene anayendapo nthawi ya kusowa kwa mafuta amadziwa kuti si nzeru kudalira kuti ukawapeza kutsogolo.

Tinanyamuka m'bandakucha, kunja kukadali kozizira, kulowera kumwera pa msewu wa M1. Pali njira inanso yodzera ku Salima, koma ife tinasankha ya ku Dedza kuti alendowo aone mapiri. Ndalama yolipira pa zipata za Kalinyeke ndinaikonzeratu yosafuna chenji, ya galimoto zonse ziwiri, kuti tisachedwetse mzere. Titadutsa boma la Dedza tinaima pa mphambano ya ku Bembeke, pomwe amayi anagula mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi, zinthu zimene kunyanja zimakhala zodula ndiponso zofota ndi dzuwa.

Gawo la ulendowu lofuna mtima wodekha ndi msewu wa Khwekhwerere, umene umapatuka pa Masasa n'kutsetsereka mokhotakhota mpaka ku Golomoti. Tisanayambe kutsika ndinaimitsa galimoto n'kupita kwa mnzangayo, amene anali asanayendepo msewu umenewu. Ndinamuuza kuti aike giya yaing'ono, alole injini kugwira galimotoyo, ndipo asapondereze buleki njira yonse chifukwa ikatentha imasiya kugwira. Ndinamuuzanso kuti asapitirire galimoto ina pokhota, ngakhale lole yakutsogolo ikukwawa bwanji. Ana amene amachita nseru m'galimoto ndi bwino kuwakhazika pafupi ndi zenera ndi kusawadyetsa zamafuta asanadutse pamenepa. Malo oima bwinobwino alipo, ndipo pa amodzi mwa iwo tinatsika kuti tione chigwa chonse chili pansi pathu, nyanja ikuonekera patali mu nkhungu ya utsi wa chilimwe. Anthu a m'mbali mwa msewuwu amasema tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, ndipo anyamata sanalole kuchoka chimanjamanja.

Pa Golomoti kutentha kunatilandira, ndipo apa ndi pamene madzi akumwa amene tinaundanitsa m'mabotolo anagwira ntchito. Amene ali ndi nthawi akhoza kukhotera ku Mua, kumene kuli mishoni ya Katolika yomwe inakhazikitsidwa mu 1902 komanso malo a Kungoni osungirako chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ife tinapitirira molunjika ku Monkey Bay, ndipo tisanalowe m'tauniyo tinakhotera kumanzere pa msewu wodutsa m'mapiri wopita kumudzi wa Chembe, ku Cape Maclear.

Dera limeneli lili mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pali ndalama yolowera, ndipo mtengo wa Amalawi ndi wosiyana ndi wa alendo akunja, choncho ife tinatenga zitupa zathu za unzika, anzathuwo mapasipoti. Za bwato lopita ku chilumba cha Thumbi tinagwirizana mtengo tisanakwere, ndipo ndinakana kunyamuka mpaka mwana aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Kumeneko ana anaona timbuna tamitundumitundu tikusambira pakati pa miyala, ndiponso nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba imene mwini bwato anaponya pamadzi. Madzulo ake tinayenda kukaona manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pamalowa mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo. Lamulo lathu linali lakuti kusambira ndi m'mawa ndi madzulo basi, pali munthu wamkulu woyang'anira amene sakugwira foni.

Pobwerera tinanyamuka m'mawa kuti tikwere Khwekhwerere dzuwa lisanakwiye, chifukwa injini imatentha msanga pokwera masana. Alendowo anagonanso kwathu, ndipo potsanzikana ndinawakumbutsa zinthu ziwiri. Choyamba, chilolezo cha galimoto chija asachitaye, popeza chimabwezedwa pachipata potuluka. Chachiwiri, m'madzi a kuderali muli likodzo, ndipo aliyense amene anasambira ayenera kupita kuchipatala pakapita milungu ingapo kuti akayezedwe ndi kulandira mankhwala a praziquantel, amene mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu. Mwana akatentha thupi m'masiku otsatira, athamangire naye kukayezetsa malungo ndipo awauze achipatala kuti anali kunyanja.