Kukonzekeretsa sukulu kulandira mwana wa shuga ya mtundu woyamba

Sukulu isanatsegulidwe ndimakakhala pansi ndi aphunzitsi a kalasi, pamodzi ndi wina woti azigwirizira iwo akachokapo. Ndimapita ndi pepala limodzi losainidwa ndi adokotala, lonena nthawi zoyeza shuga, mlingo wa insulini (mankhwala obaya otsitsa shuga m'magazi) pa chakudya chilichonse ndi manambala a foni a makolo.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa kutsika kwa shuga, chifukwa kumagwetsa mwana m'mphindi zochepa. Mwana wazaka 6 sanena kuti shuga watsika. Amangoti duu, thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, mwina kulira popanda chifukwa, ndipo wosadziwa amayesa mwano. Makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, apatsidwe shuga pomwepo: magalamu 0.3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa mwana wa makilogalamu 20 ndi magalamu 6, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ndi theka yosungunula m'madzi. Chokoleti ayi, mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Pakatha mphindi 15 ayezedwenso, ndipo ngati sanakwere abwereze. Ndimachonderera aphunzitsi kuti asamutume yekha ku ofesi, angakomokere m'njira. Akakomoka, amugoneke cham'mbali, asamuike chilichonse m'kamwa, amubaye glucagon, mankhwala okweza shuga msanga, ngati ilipo, 0.5 mg kwa wosakwana makilogalamu 25, kenako aitane thandizo lachipatala.

N'chifukwa chake kachikwama ka makina, timapepala toyezera ndi shuga ndimafuna kazikhala m'kalasi momwemo, osati m'kabati yokhoma.

Vuto lina ndi chakudya. Insulini ikabayidwa mwana n'kusiya mbale pakati pothamangira anzake, shuga amatsika pambuyo pake, choncho wamkulu aziona kuti wamaliza. Masewera nawo amatsitsa, ngakhale patapita maola angapo: ayezedwe asanayambe, kachakudya kakang'ono ali nako pafupi.

Shuga akakwera, mwana amamva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, aloledwe kumwa madzi ndi kutuluka osafunsidwa zambiri. Akapitirira 14 mmol/L ndimafuna ayezedwe ma ketone (asidi amene amachuluka m'magazi insulini ikachepa), ndipo akamasanza makolo aimbiridwe nthawi yomweyo.

Pa peni yobayira insulini ndimalembapo tsiku lotsegulira. Isakhale padzuwa, ndipo ambiri mwa mapeniwa amatayidwa pakatha masiku 28.